MARY SLESSOR, MTSIKANA WOOMBA NSALU AMENE ADAVOMERA KUITANA KWA MULUNGU



Pali mau ena amene timawamva kawirikawiri pa misonkhano yathu, makamaka ikafika nthawi ya masankho. Tikatchula dzina la mayi kuti akhale mtsogoleri, kapena mlembi, kapena msungichuma, mayiyo amaweramitsa mutu nayamba kupepesa kuti iye sangathe, sukulu sadapite nayo patali, ndipo kuli bwino tisankhe ena. Ena amatero mwa ulemu chabe, pakuti mwambo wathu sulola munthu kuthamangira mpando. Koma ambiri amanena zochokera pansi pa mtima, amadziona operewera ndithu. Tsono chifukwa cha mau amenewa ilipo mipingo imene ntchito yagona: odwala sakuyenderedwa, ana amasiye alibe owayang'anira, ndipo atsikana akukula opanda owalangiza.

N'chifukwa chake pa chikondwerero chino taganiza zokumbutsana mbiri ya mayi mmodzi wa mpingo wa ku Scotland, dzina lake Mary Slessor. Iye sadafikepo kuno ku Malawi. Ntchito yake adaigwira ku Calabar, dera limene lero lili kumwera chakum'mawa kwa dziko la Nigeria. Koma mbiri yake ndi mbiri ya mpingo wathu zidaphuka pa tsinde limodzi, monga tionera kutsogoloku.

Ubwana wake

Mary Slessor adabadwa pa 2 Disembala, 1848, mu mzinda wa Aberdeen, ku Scotland, ndipo adali wachiwiri m'banja la ana 7. Bambo wake, Robert Slessor, adali mmisiri wosoka nsapato, koma mowa udamugwira ukapolo kotero kuti ntchito idamukanika. Mu 1859 banja lidasamukira ku Dundee, mzinda wa mafakitale oomba nsalu, poyesa kuti kumeneko zinthu zikasintha. Koma botolo lidasamuka nawo pamodzi. Ankakhala m'kanyumba kothinana m'dera la amphawi, ndipo amene ankadyetsa banja adali mayi wake, amene adalowa ntchito yoomba nsalu. Masiku ena bambo akabwera usiku ataledzera, Mary ankapirikitsidwa panja, nayendayenda m'misewu yozizira kudikira kuti m'nyumba mukhale bata. Iye ndi mayi wake ankabisa manyazi amenewa kuti anthu a ku tchalitchi asadziwe. Amayi ambiri pakati pathu safuna kuwafotokozera za moyo wotere, akuudziwa okha.

Ali ndi zaka 11 Mary adalembedwa ntchito pa fakitale ya Baxter Brothers. Theka la tsiku ankakhala pa makina, theka linalo m'sukulu ya pafakitale pomwepo. Pofika zaka 14 adayamba kugwira tsiku lathunthu, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo. Sukulu yake yeniyeni idathera pamenepo. Zina zonse adaziphunzira m'makalasi a usiku ndi m'mabuku amene ankawatsamiritsa pa makina, n'kumaba mzere umodzi kapena iwiri manja ali pa ulusi. Umu ndi momwenso adaphunzirira David Livingstone ali mwana pa fakitale ya thonje ya m'mudzi wa Blantyre ku Scotland, mudzi umene udapereka dzina ku mzinda wathu wa Blantyre.

Mayi wake wa Mary adali Mkristu wolimba wa mpingo wa United Presbyterian. Ankakonda kuwerengera ana ake magazini ya mpingowo yosimba za mishoni, makamaka za ku Calabar, ndipo ankalakalaka kuti mmodzi mwa ana ake aamuna adzapite kumeneko. Maso adali pa Robert, mwana woyamba, koma Robert adamwalira. Kenaka maso adali pa John, koma nayenso adamwalira. Za Mary panalibe amene ankaganizako, pakuti adali mtsikana, wosaphunzira, wamanyazi, ndiponso malipiro ake ndiwo ankathandiza kugula chakudya pakhomo.

Komabe Mary sadakhale manja lende kudikira ntchito yaikulu. Adayamba ndi imene idali pafupi. Ankaphunzitsa Sande Sukulu ndi kusonkhanitsa ana a m'makwalala a Dundee, kumene anyamata ovuta ankasokoneza mapemphero ndi kugenda aphunzitsi ndi matope. Olemba mbiri yake asimba kuti tsiku lina gulu la anyamata lidamuzinga m'njira, ndipo mtsogoleri wawo adayamba kuzunguza kachitsulo kolemera komangirira ku chingwe, nakasendeza pafupi ndi nkhope yake mpaka kadamukhudza pamphumi. Mary sadasunthe. Anyamatawo adagoma, nalowa naye m'mapemphero.

Imfa ya Livingstone ndi chaka cha 1876

Mu 1873 David Livingstone adamwalira kwa Chitambo, m'dziko limene lero ndi Zambia. Susi ndi Chuma pamodzi ndi anzawo adanyamula thupi lake ulendo wa miyezi yambiri kukafika nalo ku nyanja yamchere, ndipo lidaikidwa ku Westminster Abbey, mu mzinda wa London, mu Epulo 1874. Maliro amenewa adagwedeza mipingo ya ku Scotland. Zipatso zake ife tikuzidziwa: mu 1875 amishoni a Livingstonia adafika ku Cape Maclear ndi sitima ya Ilala, ndipo mu 1876 mishoni ya Blantyre idakhazikitsidwa.

M'gulu la ku Cape Maclear mudali Dr Robert Laws, wobadwira ku Aberdeen monga Mary, ndiponso wa mpingo womwewo wa United Presbyterian. Iye adali ataphunzira za ubusa ndi za udokotala pa sukulu zapamwamba. Munthu wotere akadzipereka, palibe amene amadabwa. Koma kuitana komweko kudamvekanso m'chiphokoso cha makina a ku Dundee, ndipo mu 1875 Mary, atagwirizana ndi mayi wake, adalembera bungwe la mishoni la mpingo wake kuti ali wokonzeka kutumidwa. Analibe satifiketi ya uphunzitsi kapena ya unamwino. Chimene adali nacho ndi umboni wa anthu a mpingo wake amene adaona ntchito yake pakati pa ana a m'makwalala.

Sadali yekha wodziona wochepa m'masiku amenewo. Mu 1876 Dr James Stewart adapempha ophunzira a pa sukulu ya Lovedale, ku South Africa, kuti ena adzipereke kubwera ku Nyanja. Mmodzi wa odziperekawo adali William Koyi, amene kale adali woyendetsa ngolo ndipo sukulu adaiyamba atakula. Iye adauza anzake kuti talente yake ndi theka chabe, koma angathe kutema nkhuni ndi kutunga madzi. Koma ndi Koyi yemweyo amene adatsegula khomo kwa Angoni a M'mbelwa, popeza chinenero chake cha Chixhosa chidali pafupi ndi Chingoni. Adakhazikika ku Njuyu mu 1882, namwalira komweko mu 1886. Abale athu a Sinodi ya Livingstonia samuiwala.

Bungwe lija lidamulandira Mary, nkumutumiza ku Edinburgh kukaphunzira za uphunzitsi miyezi yowerengeka. Pa 5 Ogasiti, 1876, adakwera sitima yotchedwa Ethiopia pa doko la Liverpool, ali ndi zaka 27, malipiro ake mapaundi 60 pa chaka. M'sitimamo mudapakiridwa migolo yambirimbiri ya mowa waukali wokagulitsa ku Africa, ndipo mwana wa chidakwa uja adadandaula poona kuti migolo ndi yochuluka chotero koma wamishoni ndi mmodzi yekha.

Ku Calabar

Mishoni ya Calabar idayamba mu 1846 motsogozedwa ndi Mbusa Hope Waddell. Ganizo loyambitsa mishoniyo lidabadwira ku chilumba cha Jamaica, pakati pa mipingo ya anthu akuda omasulidwa ku ukapolo, amene ankafuna kuti Uthenga Wabwino ubwerere kwawo kwa makolo awo. Motero pamene Mary ankafika mu Seputembala 1876, ntchito idali itatha zaka 30. Kudali matchalitchi ndi masukulu ku Duke Town ndi ku Creek Town, ndipo Mau a Mulungu adali atamasuliridwa kale m'chinenero cha anthu a kumeneko, Chiefik.

Zaka zoyamba zidali zowawa. Malungo adamugwetsa kawirikawiri, ndipo adapukwa kwawo kwambiri, kotero kuti mu 1879 adabwerera ku Scotland atafooka. Koma mu 1880 adapitanso, ndipo adaikidwa yekha pa malo otchedwa Old Town. Apa ndi pamene umphawi wake udasanduka khomo. Popeza gawo lalikulu la malipiro ake ankatumiza kwa mayi wake ndi ang'ono ake, sakadatha kugula zakudya zochokera ku Ulaya monga amishoni ena. Adayamba kudya zilazi, nthochi zophika ndi nsomba za pamsika monga anansi ake, nakhala m'nyumba ya dothi. Chifukwa chokhala pakati pa anthu usana ndi usiku, Chiefik chidamulowa mpaka miyambi ndi nthabwala zomwe, ndipo eni ake ankachitira umboni kuti amayankhula ngati mbadwa. Anthu adayamba kumuitana kuti Ma, ndiye kuti Mayi. Nafenso kuyambira pano tiwatchula kuti Mayi Slessor.

Padali miyambo itatu imene inkatha anthu m'dera limenelo. Woyamba udali wa mapasa. Anthu ankakhulupirira kuti mmodzi wa mapasa ndi mwana wa mzimu woipa, ndipo posadziwa kuti ndi uti, ankataya onse awiri ku thengo, mayi wawo n'kumupirikitsa pamudzi. Wachiwiri udali wa nyemba yaululu yotchedwa esere, imene ankamwetsa munthu woganiziridwa ufiti: akasanza ndiye kuti alibe mlandu, akafa ndiye kuti adali mfiti. Apa tisaloze chala, pakuti makolo athu nawo ankamwetsana mwabvi pa chifukwa chomwecho. Wachitatu udali wakuti mfumu kapena munthu wolemekezeka akamwalira, ankapha akapolo ndi ena mwa akazi ake kuti amuperekeze kumanda.

Tiyenera kunena zoona kuti nkhondo yolimbana ndi miyamboyi sadaiyambe ndi Mayi Slessor. Amishoni oyamba, Akristu a Chiefik ndi mafumu ena, makamaka a banja la Eyo ku Creek Town, adali atayamba kale, ndipo mu 1878 mafumu a Duke Town adasaina pangano loletsa kupha mapasa. Koma lamulo la papepala silifika msanga kuseri kwa nyumba. Chimene Mayi Slessor adachita n'chakuti akamva kuti kwinakwake kwabadwa mapasa, ankathamangirako usiku kapena usana, nanyamula anawo kubwera nawo kwawo. Mmodzi wa ana otere, mtsikana amene adamutcha Janie, adamulera ngati wobala yekha, ndipo mu 1883 adapita naye ku Scotland. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ku Okoyong

Kumtunda kwa Creek Town, pakati pa mitsinje ya Calabar ndi Cross, kudali dziko la Okoyong. Anthu ake ankaopedwa chifukwa cha nkhondo, ndipo malonda amene ankalowako kwambiri adali mfuti, onga ndi mowa. Mishoni idayesapo kukhazikikako koma zidalephereka. Mayi Slessor adapempha kuti awatumize kumeneko, koma akulu a mishoni adazengereza, poona kuti ndi munthu wamkazi, ali yekha, ndiponso wodwaladwala.

Atangobwerera ku Calabar kumapeto kwa 1885, adalandira uthenga wakuti mayi wawo amwalira, ndipo patapita miyezi yochepa mng'ono wawo wotsala nayenso adatsikira kuli chete. Banja lonse la ku Dundee lidatha. M'chisoni chimenecho adaona kuti tsopano palibenso wina kwawo amene angade nkhawa iwo akalowa m'malo oopsa. Chilolezo chidaperekedwa, ndipo Mfumu Eyo ya ku Creek Town, imene idali Mkristu, idawathandiza ndi bwato ndi opalasa.

Mu Ogasiti 1888 adakocheza pa gombe la Okoyong kutada, mvula ikugwa. Kuchokera pamenepo kukafika ku mudzi wa Ekenge padali mtunda wa mamailosi 4 m'nkhalango. Gulu lawo lidali ana 5 amene ankawalera, wamng'ono ali m'manja. Anawo ankalira ndi mantha, ndipo iwo ankawaimbira tinyimbo kuti alimbe mtima, chonsecho mtima wawo womwe ukugunda. Limeneli ndilo khamu limene Mulungu adatuma ku dziko limene amuna onyamula mfuti ankaopa kulowako.

Ku Ekenge adapeza bwenzi, Ma Eme, mlongo wake wa Mfumu Edem. Mayi ameneyu adali wamasiye wolemekezeka, wodziwa zonse zochitika m'mabwalo a mafumu. Kukakhala chiwembu chopha munthu kapena choyamba nkhondo, ankatumiza mwachinsinsi botolo lopanda kanthu ngati akupempha mankhwala, ndipo Mayi Slessor ankadziwa kuti ayenera kukonzeka. Anthu ambiri adapulumuka chifukwa cha botolo limenelo. Zoonadi mutu umodzi susenza denga.

Maliro a Etim

Chiyeso chachikulu chidafika mu 1889. Etim, mwana wamkulu wa Mfumu Edem, adapsinjidwa ndi mtengo pomanga nyumba, ndipo atadwala masiku angapo adamwalira. Woombeza adaloza mudzi wina kuti ndiwo udalodza mnyamatayo. Ankhondo adapitako nagwira anthu angapo, ena mwa iwo amayi a ana akhanda, nawamanga ndi maunyolo pa nsanamira za m'bwalo la mfumu kudikira esere.

Nthawi imeneyo kudali mmisiri wa matabwa wochokera ku Scotland, Charles Ovens, amene adabwera kudzathandiza kumanga nyumba ya mishoni. Iye ndi Mayi Slessor adagawana ulonda, wina usana wina usiku, kukhala pansi pambali pa omangidwawo, pakati pa khamu la anthu oledzera onyamula mfuti ndi zikwanje. Analibe asilikali, analibe boma kumbuyo kwawo. Mayi Slessor ankangodandaulira mfumu m'chinenero chomveka, kukana kuchoka, ndi kupemphera. Masiku adapita, mtembo usadaikidwe. Omangidwa adayamba kumasulidwa mmodzimmodzi mpaka onse adapulumuka, ndipo m'malo mwa anthu adapha ng'ombe. Aka kadali koyamba ku Okoyong kuti mwana wa mfumu aikidwe popanda munthu womuperekeza kumanda.

Tsono tifunsane: kodi ndi sukulu iti imene ikadaphunzitsa munthu kukhala phee pamaso pa mwamuna woledzera ndi wolusa, kudziwa nthawi yoyankhula ndi nthawi yokhala chete? Mayi Slessor adaziphunzira ali mwana, m'kanyumba ka ku Dundee. Chimene iwo ndi mayi wawo ankachibisa mwa manyazi ndicho chimene Mulungu adachisula kukhala chida.

Woweruza milandu

Mbiri yawo idawanda, ndipo midzi yokangana idayamba kuwaitana kudzaweruza. Ankakhala pa bwalo tsiku lonse akuluka, kumvetsera mbali zonse mpaka mkwiyo wa anthu utaphwa. Boma la Britain litayamba kulamulira deralo, Sir Claude MacDonald adafuna kutumiza nduna yake ku Okoyong. Mayi Slessor adachenjeza kuti mlendo wosadziwa chinenero ndi miyambo angadzetse mwazi. Pamenepo mu 1892 udindowo udapatsidwa kwa iwo omwe, ndipo woomba nsalu uja adakhala woweruza m'bwalo la boma, chinthu chosamveka kwa munthu wamkazi masiku amenewo. Sitibisa kuti limeneli lidali boma la atsamunda, limene m'madera ena lidalowa ndi mfuti, monga pa nkhondo ya Aro ya 1901 mpaka 1902. Sitibisanso kuti Mayi Slessor adali a mtima wapachala, ndipo nthawi zina ankaweruza ndi dzanja lomwe. Adali munthu monga ife. Koma amayi, akapolo ndi ana amene kale analibe powanenera adapeza pa bwalo lawo khutu lowamvera.

Iwo amene sadapite patali ndi sukulu ndiwo adalimbikira kupempha mpingo kuti ku Calabar kukhale sukulu yophunzitsa ntchito za manja. Mpingo udatuma Dr Laws wa ku Livingstonia, ali pa tchuthi, kuti akaone ngati zingatheke, ndipo iye adavomereza. Sukulu ya Hope Waddell idatsegulidwa mu 1895, ndipo ilipo mpaka lero.

Mantha sadathe

Wina angayese kuti munthu wochita zazikulu chotere adafika poiwala mantha. Ayi ndithu. Akapita ku Scotland pa tchuthi, mipingo inkawaitana kuti akayankhule, ndipo chimenechi chidali chowawa kwa iwo koposa nkhalango. Pa misonkhano ya amayi, akaona mwamuna m'chipindamo ankasowa chonena, mpaka kupempha kuti atuluke kapena akhale pobisika. Ankaopa kudutsa okha msewu wa mu mzinda, ankaopanso kudutsa m'munda mmene muli ng'ombe. Ulemu ukaperekedwa kwa iwo, monga mendulo ya St John of Jerusalem imene adalandira mu 1913, ankachita manyazi, nanena kuti pali ena oyenera kuposa iwo.

Ndiponso zipatso zimene wamishoni amaziyembekeza zidachedwa. Kupha anthu kudachepa, malonda abwino adatseguka, ana adaphunzira kuwerenga, koma obatizidwa adali owerengeka. Mgonero wa Ambuye woyamba ku Okoyong udachitika mu 1903, patapita zaka 15 chifikire iwo kumeneko. Akadakhala munthu woyeza kuitanidwa kwake ndi chiwerengero cha otembenuka, bwenzi atalongedza katundu kalekale.

Atatha kukhazika ntchito ya ku Okoyong, adaisiya m'manja mwa ena nalowera m'katikati, ku Itu, ku Ikot Obong, ku Use ndi ku Ikpe, pakati pa anthu a mtundu wa Ibibio. Adaphunzira kupalasa njinga atapitirira zaka 50. Miyendo italema ndi nyamakazi, ana awo ankawakankha pa kampando ka mikombero kupita nawo kukalalikira. Adamwalira pa 13 Januwale, 1915, ku Use, ali ndi zaka 66, atazungulidwa ndi ana amene adawatola, Janie ali pomwepo. Adaikidwa ku Duke Town. Adatumikira m'dzikomo zaka zoposa 38. Mu 1997 banki ya Clydesdale ku Scotland idaika nkhope yawo pa ndalama ya pepala ya mapaundi 10, koma chikumbutso chawo chenicheni ndi mabanja a ku Nigeria amene makolo awo adali mapasa otayidwa.

Tiphunzirapo chiyani?

Choyamba, kudziona woperewera si chizindikiro chakuti Mulungu sadatiitane. Pa Eksodo 3 ndi 4 tiwerenga kuti Mose adadandaula za lilime lake lolemera. Pa Oweruza 6 Gideoni adati banja lake ndi losauka ndipo iye ndiye wamng'ono m'banjamo. Pa Yeremiya 1 mneneri adati ndi mwana, sadziwa kuyankhula. Kwa onsewa Mulungu sadayankhe powatama kuti ndi anzeru. Adawalonjeza chinthu chimodzi, kuti adzakhala nawo. Mayi Slessor adapita ndi mantha awo, nakhala nawo mpaka imfa, koma ntchito idagwirika.

Chachiwiri, zimene timaziyesa zotilepheretsa kawirikawiri ndizo sukulu imene Mulungu watiphunzitsamo. Umphawi udawadyetsa mbale imodzi ndi anthu a ku Old Town, ndipo m'mbalemo adatolamo chinenero. Nyumba ya chidakwa idawakonzera bwalo la Edem. Inu mayi amene mudaika ana kumanda, ndinu amene mungathe kukhala pa mphasa ya mnzanu woferedwa osasowa mau. Inu amene mudalera ana nokha ndi geni ya tomato, ndinu amene mudziwa kusunga tambala ya Chigwirizano. Mtumwi Paulo, pa 1 Akorinto 1, akumbutsa mpingo kuti Mulungu amasankha zofooka kuti pasakhale wodzitama pamaso pake.

Chachitatu, kuperewera si chifukwa chokanira kuphunzira. Mary adawerenga pa makina, adapita ku makalasi a usiku, adavomera maphunziro a ku Edinburgh, adalimbana ndi Chiefik, nakwera njinga imvi zili mbuu. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Ngati tasankhidwa ulembi ndipo dzanja ndi lolemera, tipemphe mwana wa sukulu atithandize madzulo. Maphunziro a atsogoleri akaitanidwa ku Presibitale kapena ku Sinodi, tipiteko.

Chachinayi, kuitana kwa Mulungu kumatsimikizika pakati pa abale. Mary sadadzitume yekha. Adayamba ndi Sande Sukulu ya kwawo, mpingo udaona ntchito yake, ndipo mpingo ndiwo udamutuma. Chomwechonso amayi anzathu akapemphera natchula dzina lathu, tisafulumire kunena kuti alakwitsa. Mwina aona mwa ife chimene ife eni sitichiona, pakuti diso silidziona lokha. Ndipo ife osankhafe tili ndi mangawa: tisamukweze mnzathu mu mtengo n'kuchotsa makwerero. Pambali pa Mayi Slessor padali Ma Eme, Mfumu Eyo, Charles Ovens ndi Janie.

Chigwirizano chathu, monganso Mvano ndi Umanyano wa alongo athu a m'masinodi ena, chidamangidwa ndi amayi otere. Ambiri a iwo ankasaina ndi chala, mavesi ankasunga pamtima, ndipo ankayenda pansi mitunda italiitali, mwana kumsana, kukaona wodwala kapena kukagona pa maliro. Maina awo sali pa ndalama ya dziko lililonse, koma ali m'buku la Mwini ntchito. Akadati onse adikire kufikira atadziona okwanira, bwenzi lero tilibe chikondwerero.

Motero amayi, ntchito ikadalipo, ndipo ina ili pa khomo pathu penipeni. Dzina lathu likatchulidwa, kaya ndi pa mpando, kaya ndi pa kalasi ya ana, kaya ndi pa ulendo wokacheza ku chipatala kapena ku ndende, tiloledwa kuuza Ambuye mantha athu onse monga adachitira Mose ndi Yeremiya. Koma tikatha kunena, tiimirire, timange duku, tipite. Mulungu amene adasunga mtsikana wa ku Dundee m'nkhalango za Okoyong atisunge ifenso, ndipo adalitse Chigwirizano chathu m'zaka zikudzazi.